Skyrim imadziwa kumene mlendo amagona, koma siimufunsa kuti wadzuka bwanji

Gemu ya The Elder Scrolls V: Skyrim inatuluka pa 11 November 2011. Mwana amene anabadwa tsiku limenelo pano ndi wamkulu ndithu, koma gemuyi ikuseweredwabe. Ndimaipeza m'zipinda za anyamata akwathu kuno ku Johannesburg, kaya ku Mayfair, ku Rosettenville kapena ku Cosmo City, pa Xbox 360 yogula kwa munthu kapena pa laputopu yomwe abwana anaitopa nayo. Mu 2023 Todd Howard, mtsogoleri wa gulu lomwe linaipanga ku kampani ya Bethesda, ananena kuti makope oposa 60 miliyoni anali atagulidwa. Mukafunsa oisewera chimene amaikondera, pafupifupi onse amayankha kuti ndi ufulu: umapita kumene wafuna, umakhala munthu amene wafuna. Zimenezo ndi zoona. Koma ine ndikuona kuti ufulu womwewo ndi umene umaifoola gemuyi, ndipo malo amene izi zimaonekera poyera ndi mzinda wozizira wa Windhelm, womwe Mmalawi wokhala ku Joni akangoulowa amauzindikira msanga.

Zabwino zake zilipo, ndipo si zochepa. Gemu imayamba iwe uli m'ngolo, manja ali omanga, akukutengera ku tauni ya Helgen kuti akakudule mutu. Mlandu wako ndi woti anakugwira ukudutsa malire, pamalo pomwe asilikali a Ufumu wolamulira dzikolo anabisalira oukira boma. Mlembi akuyang'ana pamndandanda wa oyenera kuphedwa, dzina lako palibepo, koma mkulu wa asilikali akuti zilibe kanthu, nayenso apite. Munthu amene anaimapo pamzere pa Beitbridge mtima uli m'malere, pasipoti ili m'manja mwa wina, safunika kumufotokozera mmene zimamvekera. Kenaka chinjoka Alduin chimatera pansanja, moto buu, anthu balala, iwe n'kuthawira kuphanga. Ukatulukira tsidya lina la phangalo, dziko lonse lili pamaso pako. Pali njira yotsikira ku mudzi wa Riverwood, koma palibe amene akukukakamiza kuitsata.

Apa ndiye pamene Bethesda anaonetsa luso lawo. Phiri lomwe ukuliona patali ukhoza kukafikako ndi miyendo yako. Dzikoli lili ndi zigawo 9, ndipo chilichonse chili ndi nkhope yake: mitengo ya masamba achikasu ya ku Riften, madambo a nkhungu a ku Morthal, mzinda wa Markarth wosemedwa m'thanthwe, ndi Winterhold yomwe gawo lake lalikulu linagumukira m'nyanja. Ulendo wochokera ku Ivarstead kukwera ku High Hrothgar, pa masitepe omwe anthu a m'gemumo amati alipo 7,000, umakutopetsa ngakhale uli chikhalire pampando. Mphepo imayamba kulira, mitengo imatha, ndipo ukatembenuka umaona mudzi womwe wachokera uli kadontho chabe. Nthawi zina umapita kukafuna chinthu chaching'ono m'mabwinja, n'kutsika chitsikire mpaka kutulukira ku Blackreach, dziko lina la pansi pa nthaka lodzaza ndi bowa wowala wotalika kuposa nyumba. Sunadziwe kuti kuli zotere, ndipo palibe anakulonjeza. Umakapeza mafupa a munthu pafupi ndi moto wozima, kalata ili pambali, n'kudziwerengera wekha chimene chinamuchitikira. Pa nkhani yomanga malo oti munthu aziyendamo ndi chidwi, magemu ochepa kwambiri afikapo pamenepa.

Kakulidwe ka munthu wako nakonso n'kanzeru. Pali maluso 18, ndipo lililonse limakula ukamaligwiritsa ntchito. Ukamaponya mivi umakhala katswiri wa uta, ukamasula zitsulo umakhala mmisiri wa zida, ukamaba m'matumba mwa anthu dzanja limapepuka. Sufunika kuwerenga buku la malamulo usanayambe. Mwana amene Chingerezi chake chikadali chopunduka amamvetsa zimenezi tsiku loyamba lomwe.

Palinso china chomwe olemba za magemu a ku Ulaya ndi ku America sachiwerengera, chifukwa kwawo si nkhani. Skyrim umasewera wekha, siifuna intaneti ukangoiika m'makina. Magemu ambiri amasiku ano amafuna ukhale pa intaneti nthawi zonse, ndipo amangoti lero onjezani ichi, mawa onjezani icho, deta n'kumatha ngati ilibe mtengo. Kwa munthu wolandira malipiro a m'dimba kapena a m'shopu, amene mwezi ukatha amayenera kutumiza kena kake kumudzi, kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Komanso gemuyi imalola kusunga pamene wafika nthawi ina iliyonse. M'chaka cha 2023, pamene kuzimazima kwa magetsi kunafika poipa kuno, chimenechi chinali chamtengo wapatali: ukaona kuti nthawi yozimitsa yayandikira, umasunga, n'kudzapitiriza akayaka. Diski imodzi yakale imatha kusunga mnyamata m'nyumba miyezi yambiri, ndipo makolo amene amadziwa misewu ya ku Hillbrow usiku sangaione ngati nkhani yachibwana.

Tsopano tifike ku Windhelm. Uwu ndi mzinda wa Ulfric Stormcloak, mtsogoleri wa oukira Ufumu, amene asilikali ake pomenya nkhondo amafuula kuti dziko la Skyrim ndi la a Nord, eni nthaka. Ukangolowa pachipata koyamba, gemu imakuonetsa amuna awiri a mtundu wa Nord, Rolff Stone-Fist ndi Angrenor Once-Honored, atamuimika mayi wina wa mtundu wa Dunmer, dzina lake Suvaris Atheron. Akumuuza kuti anthu a mtundu wake amadya chakudya cha eni mzinda koma sathandiza pa nkhondo, ndipo mwina ndi akazitape. Mayiyo akuyankha modekha, ngati munthu amene wamva mawu amenewa kambirimbiri. A Dunmer, anthu a khungu lotuwa ndi maso ofiira, anathawa kwawo ku Morrowind phiri la Red Mountain litaphulika. Pamene nkhani ya gemuyi ikuchitika n'kuti patapita zaka pafupifupi 200, koma iwo akadali m'chigawo chimodzi chonyozeka cha mzindawo chotchedwa Gray Quarter, cha tinjira topanikizika ndi nyumba zakutha. Usiku Rolff amapita komweko kukawatukwana ali m'nyumba zawo.

A Argonian, ooneka ngati abuluzi, ndiye saloledwa n'komwe kukhala mkati mwa linga. Amagona onse m'chinyumba chimodzi kudoko, kumene amanyamula katundu wa m'zombo pa malipiro ochepa kuposa a eni dziko. A Khajiit, amalonda ooneka ngati amphaka, amamanga matenti awo kunja kwa mizinda chifukwa anthu amawaganizira kuti ndi akuba ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo.

Sindikufuna kuyerekeza gemu ndi magazi a anthu enieni. Ziwawa zolimbana ndi anthu ochokera m'maiko ena zomwe zinayambira ku Alexandra mu May 2008 zinapha anthu 62. Mu April 2015 boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kudzatenga anthu ake omwe anathawa ziwawa. Gulu lofuna kuthamangitsa alendo la Operation Dudula, lomwe linayambira ku Soweto mu 2021, si nthano ya pa kanema. Koma amene analemba Windhelm anamvetsa zinthu zingapo zomwe ngakhale atolankhani ena samazigwira. Anamvetsa kuti kusalidwa nthawi zambiri sikubwera ndi moto. Kumabwera ngati funso la kumene ungapeze chipinda, ngati malipiro ochepa pa ntchito yomweyo, ngati mawu oponyedwa pamsewu omwe umangowameza chifukwa mawa uyenera kudzadutsa pomwepo. Anamvetsanso kuti otukwanawo kawirikawiri si olemera. Angrenor ndi msilikali wakale wovulala amene pano amapemphetsa pamsewu. Mkwiyo wake uli ndi chifukwa, kungoti wautula pa munthu wolakwika.

Ndipo chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti Suvaris yemweyo, amene tamuona akunyozedwa pachipata, amagwira ntchito mu ofesi ya banja lolemera la Shatter-Shield, kuyang'anira a Argonian a kudoko aja. Ukapeza buku lake la ntchito n'kuliwerenga, mawu ake okhudza antchitowo alibe chifundo ngakhale pang'ono. M'mbiri ya dziko la gemuli, a Dunmer ankagwira a Argonian ukapolo kwawoko. Woponderezedwa wapeza wina woti amupondereze. Ife tomwe timazidziwa izi: mmene timanenerana ndi anzathu ochokera ku Zimbabwe kapena ku Mozambique tikamalimbirana ganyu imodzi, kapena mmene wina amene anafika kale n'kukonza mapepala ake amamuonera mnzake wofika dzulo pa siteshoni ya mabasi ya Park Station ndi kachikwama kamodzi. Gemu imene yaona mpaka pamenepa si yopanda nzeru.

Vuto ndi lakuti ikakuonetsa zonsezi, imangokusiya pomwepo.

Tsiku lina ndinakhala pambali pa mphwanga, mwana wa mlongo wanga, akusewera m'chipinda chawo ku Rosettenville. Iye anasankha kukhala Dunmer. Anali atamenyana kale zibakera ndi Rolff, pa kubetcha kwa ndalama 100 za m'gemumo, n'kumugonjetsa. Anali atapitanso kwa Torbjorn Shatter-Shield kukamuumiriza kuti akweze malipiro a a Argonian, monga momwe mmodzi wa iwo, Scouts-Many-Marshes, anamupemphera. Kenaka anaima pakati pa Gray Quarter, akutembenuza kamera uku ndi uku, n'kundifunsa kuti, "Amalume, nanga anthuwa ndiwatulutsa bwanji muno? Ndalama ndili nazo zambiri." Ndinamuuza kuti njira yake palibe. Sanandikhulupirire. Analowa nkhondo ku mbali ya Ufumu, analanda mzindawo, Ulfric anaphedwa, ndipo pampando panakhala Brunwulf Free-Winter, Nord amene amamvera chisoni alendo. Atabwerera ku Gray Quarter anapeza tinjira tomwe tija, nyumba zomwe zija, ndipo a Argonian akugonabe kudoko. "Ndiye ndimamenyeranji nkhondo yonseyi?" anatero, n'kuika controller pansi.

Funso la mwanayo ndilo dandaulo langa lalikulu pa Skyrim. Dzikoli silisintha chifukwa cha zochita zako, ndipo silikuona kuti ndiwe yani. Ukasankha kukhala Khajiit, abale ako ali m'matenti kunja kwa chipata, koma iwe mlonda amakutsegulira ngati wina aliyense. Ukasankha kukhala Argonian umagula nyumba mkati mwa Windhelm momwemo. Ukafuna kulowa gulu la Ulfric uli wa mtundu wina, wachiwiri wake Galmar Stone-Fist amakufunsa kamodzi chifukwa chimene mlendo akufunira kumenyera nkhondo Skyrim, ukayankha nkhani yatha. Tsankho lomwe alijambula mwaluso chotere limagwera anthu ena onse kupatula iwe. Ndiwe Dragonborn, wosankhidwa kuti ugonjetse zinjoka, ndipo malamulo a mzinda sakukhudza.

Matenda omwewa ali paliponse m'gemuyi. Ukhoza kukhala mkulu wa sukulu ya amatsenga ku Winterhold ukudziwa matsenga owerengeka chabe. Ukhoza kukhala mtsogoleri wa ankhondo olemekezeka a Companions ku Whiterun, nthawi yomweyo n'kukhala mkulu wa mbava za ku Riften, ndiponso mkulu wa zigawenga zopha anthu za Dark Brotherhood, osapezeka ndi mmodzi yemwe wokufunsa kuti zikugwirizana bwanji. Anthu ofunika pa nkhani sangafe: ukawakantha amagwada pang'ono, n'kudzukanso. Ukapha Alduin n'kupulumutsa dziko lonse, wogulitsa pamsika amakulankhula monga ankakulankhulira tsiku loyamba. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, koma mu Skyrim mvula imagwa popanda matope. Ndi zitseko zochepa chabe zimene zimatsekeka chifukwa watsegula china, ndiye kusankha kwako kulibe kulemera.

Ndikudziwa chimene ena anganene, ndipo anzanga anandiuzapo maso ndi maso. Amati, achimwene, munthu wakhala tsiku lonse ukuweramira maluwa a abwana, wakwera taxi ziwiri, panjira wapolisi wakuimika kufuna kuona mapepala, ndiye ukafika m'nyumba ufunenso gemu yoti mlonda akukanize pachipata? Amati ubwino wa Skyrim ndi womwewo, kuti kumeneko palibe amene amakufunsa pemiti, umagula nyumba ya Breezehome ku Whiterun ndi ndalama 5,000 za m'gemumo popanda wokufunsa kumene unabadwira. Mfundo imeneyi ndi yolemera ndipo sindingaitaye. Kupuma n'kofunika, ndipo munthu ali ndi ufulu wofuna malo amodzi pomwe zitseko zonse zimamutsegukira.

Komabe ndikuti, Bethesda akanafuna kungotipatsa malo opumira, sakanamanga Gray Quarter. Iwo eni ndi amene anaika mayi uja pachipata kuti aliyense wolowa amuone. Anatiitana kuti timve kuwawa kwake, ife tamva, ndiye sangatembenuke n'kunena kuti ndi masewera chabe. Sindikupempha kuti gemu izindizunza. Ndikupempha kuti munthu amene wapha zinjoka, amene mafumu amamugwadira, athe kusuntha banja limodzi kuchoka kudoko kulowa mumzinda, ngakhale zitamutayitsa ubwenzi ndi Ulfric. Kupuma kwenikweni kwa mlendo kukanakhala kumeneko, kuona kuti penapake zinthu zimatheka kusintha.

Ndipo si kuti n'zosatheka kupanga. The Witcher 3, yomwe kampani ya ku Poland ya CD Projekt Red inatulutsa mu 2015, ili ndi mzinda wa Novigrad komwe amatsenga akusakidwa ndi kuwotchedwa. Ukathandiza Triss, mmodzi wa amatsengawo, kuwathawitsa pa chombo, umaganiza kuti wachita bwino, ndipo wachitadi bwino. Koma ukadzabwerera umapeza osaka aja atembenukira kwa mitundu ina ya anthu omwe atsala mumzindamo. Geralt, munthu amene umamuyendetsa, amatukwanidwa pamsewu chifukwa cha mmene alili, ngakhale ndi anthu omwe mawa adzafuna thandizo lake. Gemu imeneyo sikupatsa ufulu wochuluka ngati wa Skyrim, chifukwa Geralt ndi Geralt basi, sungamusinthe kukhala wina. Koma zochita zako zimasiya chipsera, ndipo umazikumbukira patapita zaka.

Zofooka zina n'zodziwika, sindichedwapo. Kumenyana ndi lupanga kulibe kukoma: umangokantha mpaka wina agwe, osamva kulemera kwa chida. N'chifukwa chake anthu ambiri, ngakhale atayamba ndi cholinga china, amathera pa kubisala ndi uta, chifukwa ndi njira yomwe imapha msanga. Manda akale a a Nord, odzaza ndi mitembo yoyenda yotchedwa draugr, amasangalatsa koyamba ku Bleak Falls Barrow, koma ukalowa ambiri umayamba kudziwiratu pomwe pali msampha ndi pomwe pali mizati yotembenuza ya njoka, chinsomba ndi mbalame. Ntchito zambiri zomwe anthu amakutuma ndi zongopangidwa ndi makina: pita kuphanga lakuti, tenga chakuti, bwera nacho. Zinjoka zomwe poyamba zimakuimitsa mtima zimafika pomangokuchedwetsa ulendo.

Chomwe sindingachidutse mwachangu ndi khalidwe la kampaniyi pa zolakwika za gemu yake. Skyrim inatuluka ili ndi zophonya zambiri. Pa PlayStation 3 inkayamba kukakamira ndi kudukiza munthu akasewera nthawi yaitali, pamene fayilo yosungira yakula, ndiye kuti amene anaikonda kwambiri ndi amene anavutika kwambiri. Ntchito zina zinkaima pakati osatheka kuzimaliza. Ena amaseka akaona kavalo akukwera phiri choimirira kapena chimphona chikuponya munthu kumitambo, koma palibe choseketsa pamene ntchito yomwe waithera masabata yakanika chifukwa munthu woyenera kukulankhula wasowa. Kuchokera nthawi imeneyo gemuyi yagulitsidwanso kambiri: Special Edition mu 2016, ya pa Nintendo Switch ndi ya VR (yosewera utavala chida chophimba maso) mu 2017, Anniversary Edition mu 2021. Komabe mpaka lero osewera ambiri a pa kompyuta amayamba aikamo Unofficial Patch, yokonzedwa ndi anthu wamba mwaulere, kuti atseke mabowo omwe eni ake anawasiya. Mu 2021 Microsoft inamaliza kugula ZeniMax, kampani yomwe ndi mwini wa Bethesda, pa mtengo wa madola 7.5 biliyoni. Anthu a ndalama zotere sayenera kudalira ongodzipereka kuti awakonzere katundu amene akumugulitsabe.

Anthu ongodziperekawa ndi amene aisunga gemuyi ndi moyo. Chida chopangira zowonjezera, Creation Kit, chitatuluka mu 2012, anthu apanga ma mod osawerengeka: midzi yatsopano, nkhani zatsopano, kamenyedwe kabwino, ngakhale kukonzanso mizinda. Mu April 2015 kunayesedwa zoti ma mod azigulitsidwa pa Steam, msika wa magemu wa pa intaneti, anthu anakwiya kwambiri moti zinathetsedwa patangopita masiku ochepa, ngakhale kuti pambuyo pake malonda otere anabwereranso m'njira ina. Koma apa pali kusiyana komwe kumatikhudza ife. Ma mod amafuna intaneti, ndipo ambiri abwino amafuna kompyuta yamphamvu kapena makina atsopano. Mnyamata wa Xbox 360 uja sangawapeze. Iye ali ndi gemu monga momwe Bethesda anaisiyira, ndiye ndi gemu imeneyo yomwe tiyenera kuiweruza, osati imene anthu ena anaikonza m'malo mwawo.

Kwa kholo lomwe likufunsa ngati ligulire mwana wake, ndingati gulani ngati mwanayo ndi wamkulu ndithu, chifukwa muli kuphana ndi magazi, ndipo mukhale naye pafupi akadzafika ku Windhelm, chifukwa adzakhala ndi mafunso. Ngati makina alola, Special Edition ndi yokhazikika kuposa ya PlayStation 3 yakale ija. The Elder Scrolls VI inalengezedwa mu 2018, ndipo anthu ambiri akuyembekezera dziko lalikulu kuposa ili, lokongola kuposa ili. Ine kukula kwake sindikusamala nako. Ikadzafika m'manja mwanga ndidzasankha mtundu womwe anthu a m'dzikomo amaunyoza, ndidzapita pachipata cha mzinda woyamba, ndipo ndidzafuna kuona ngati mlonda adzandiimika, komanso ngati padzakhale chimene ndingachite kuti amene akubwera pambuyo panga asaimikidwe.